Mwezi wachinayi m'nyumba ya matayala: tafika ku Texas

Lero ndi Lachisanu, sitigwira ntchito, ndiye ndati ndilembeko pomwe tafika. Amene mwakhala mukutsatira mukudziwa kuti nditapuma unamwino, abambo akunyumba nawonso atasiya kufakitale, tinagula galimoto yakale yokhala ndi nyumba, ija ya bedi pamwamba pa dalaivala. Tinaigula pafupi ndi kwathu ku South Bend, ku Indiana, mumzinda wa Elkhart komwe amapangirako magalimoto ambiri a mtunduwu mu America muno. Abambo anakhala zaka zambiri akukhoma makabati a magalimoto omwewa, choncho ankati palibe chomwe chingawavute. Makabati ndiye alidi bwino. Zinazo mumva.

Tinanyamuka ku Indiana chisanu chitayamba kuluma, kudzera ku Illinois, Missouri ndi Arkansas, kenako kulowa Texas pa Texarkana. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500 ndipo tinautenga masiku anayi, poti abambo sayendetsanso usiku. Chilombochi chimamwa mafuta: galoni imodzi, mamailosi asanu ndi atatu basi. Ndinasiya kuyang'ana mapepala a pa filingi siteshoni kuti mtima ukhale pansi.

Tikugwira ntchito kudzera ku SOWERS, gulu la Akhristu opuma pantchito lomwe linayamba mu 1983 ndipo ofesi yake ili ku Lindale, kum'mawa kwa Texas kuno. Dongosolo lake n'losavuta. Mumasankha malo, mumapita ndi nyumba yanu, eni malowo amakupatsani poimika pamodzi ndi madzi, magetsi ndi potayira zonyansa, inu n'kugwira ntchito milungu itatu osalandira kanthu. Ntchito ndi Lolemba mpaka Lachinayi, kuyamba ndi mapemphero m'mawa. Amuna amagwira maola asanu ndi limodzi pa tsiku, amayi maola atatu. Ine amene ndinkaima m'wodi maola khumi ndi awiri usiku wonse, nditamva zimenezi ndinangoseka chamumtima.

Malo athu ndi msasa wa achinyamata wa mpingo wina, m'nkhalango ya mapaini. Tilipo mabanja asanu. Amuna akuchotsa matabwa owola pakhonde la tinyumba togona ana, ife tapenta zipinda zitatu, ndipo ine ndasoka makatani khumi ndi anayi pa makina omwe ndinawapeza m'stolo atachita dzimbiri. Mafuta pang'ono ndi singano yatsopano, anayamba kuyenda. Atsala makatani asanu ndi limodzi.

Tsono nkhani ya thanki. Galimotozi zimakhala ndi mathanki awiri a madzi oipa: ina ya madzi osambira ndi otsukira mbale, ina ya kuchimbudzi. Titalumikiza paipi, abambo anatsegula zonse ziwiri n'kuzisiya choncho, amati zizingotuluka zokha ngati kunyumba. Kani sizitero. Ya kuchimbudzi ukaisiya yotsegula, madzi okha ndiwo amapita, zotsalazo n'kumaunjikana mpaka kuuma ngati chulu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri fungo linatiuza lokha. Ndinafunsa kuti, "Kodi abambo, m'fakitale muja za thanki sankaphunzitsa?" Iwo anangoti, "Mayi, ine ndinali wa matabwa."

Anatipulumutsa ndi agogo ena a mu gulu lathu, a zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, omwe akhala m'galimoto zaka zambiri. Sanatiseke n'komwe. Anati titseke, tidzaze madzi, tisiye usiku wonse, m'mawa titsegule kamodzi, ndipo tibwereze mpaka zitayera. Lamulo lake ndi ili: ya kuchimbudzi imakhala yotseka mpaka itatsala pang'ono kudzaza, mumayamba kutaya iyo, kenako ya madzi osambira kuti itsuke paipi. Ndalilemba papepala n'kumata pachitseko. Agogo omwewo atichenjezanso kuti tisanamizidwe ndi dzuwa la kuno, poti mu February 2021 kunazizira mpaka mapaipi kuphulika dera lonse. Tagula paipi ya madzi yokhala ndi waya wotenthetsa.

Magetsi athu ndi ochepa mphamvu, a 30 amp. Ndaphunzira kuti ketulo, microwave ndi hita siziyaka limodzi, chimodzi chiyenera kudikira chinzake. Nsima ndikuphika pa gasi, ndi ufa woyera wa chimanga wa m'sitolo, koma mthiko ukangoyamba kugunda mphika galimoto yonse imagwedezeka, mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati tili bwino. Lachitatu pa chakudya chodyera pamodzi ndinapititsa nsima, nyemba ndi masamba otendera. Awiri anayesa ndi manja, ena onse ndi foloko. Masambawo sanatsale, ndipo mayi wina wa ku Minnesota walemba kaphikidwe kake.

Chomwe chikundivutabe ndi kuchepa kwa malo. Takhala m'banja zaka makumi atatu ndi zinayi, koma sitinakhalepo moti wina akafuna kutsegula fuliji mnzake aimirire. Tikasemphana mawu, kothawira kulibe. Abambo amakakhala pampando wa dalaivala n'kumayang'ana mitengo mpaka tiyi atapsa.

Mawa akwera padenga kukamata pomwe padontha pafupi ndi fani ya kubafa, ine nditagwira makwerero. Ndawauza kuti akwere agogo aja ali pomwepo.