Lachitatu ananditengera ana kukatchetcha udzu

Sabata ino ndinali pa factorisation, kuphwanya samu kuti ikhale mabulaketi awiri ochulukitsana, ndi ana a Fomu 2. Aphunzitsi anzanga a masamu mukudziwa kuti x² + 5x + 6 sivuta. Ukawauza kuti apeze manambala awiri oti ukawachulukitsa akupatsa 6, ukawaphatikiza akupatsa 5, kalasi yonse imakuwa kuti 2 ndi 3, ndiye yankho nkukhala (x + 2)(x + 3). Lolemba ndi Lachiwiri zinatha choncho, ndi choko chodukaduka komanso mabuku ochepa oti ana agawane m'magulu.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu, pa x² − x − 12. Ana awa ali Fomu 1 anakhala nthawi yaitali opanda mphunzitsi wa masamu, ndiye nambala za minus sanaziphunzire bwino. Ambiri ankalemba (x + 4)(x − 3). Ndinawauza kuti atsegule mabulaketiwo aone chomwe chituluke, ndipo anapeza okha kuti pakati pakubwera +x, pomwe funso likufuna −x. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sayankhula nkomwe m'kalasi, anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, ndiye kuti minus apite kwa 4, poti wamkulu ndi iyeyo." Anabwera pabolodi nalemba (x − 4)(x + 3). Anzake anayamba kufufuta m'makope mwawo, ndipo ndinaona kuti tsopano zikulowa.

Nthawi yomweyo achiwiri kwa ahedi anaima pakhomo. Akuti mawa kukubwera alendo, ana onse atenge zikwakwa akatchetche udzu. Ndinapempha kuti adikire piriyodi ithe, anakana. Zinandiwawa kwambiri. Ofesi ya MANEB ili konkuno ku Zomba, timaidutsa tikamapita m'tauni, ndipo JCE ikubwera chaka chino chomwe. Zotsatira zikadzaipa, amene adzafunsidwe pamsonkhano ndi ine.

Lachinayi ana ena anabwera ndi matuza m'manja, ena sanabwere. Alendowo sanalowe m'kalasi mwanga. Ndinabwereza za ma minus kuyambira pachiyambi.

Lachisanu tinangolawa 2x² + 7x + 3: chulukitsa 2 ndi 3 upeze 6, gawa 7x ikhale 6x ndi x, kenako utulutse (2x + 1)(x + 3). Ochepa anatsatira. Ndawauza kuti Loweruka m'mawa tikumane, ndipo choko ndagula ndi ndalama zanga.