Timakonza magetsi a maboti mumzinda wopanda nyanja

Anthu amadabwa akaona maboti ataima pabwalo pathu ku Makeni, popeza Lusaka ilibe nyanja. Komatu ambiri amene amakawedza ku Siavonga, ku Chirundu ndi mumtsinje wa Kafue amakhala konkuno. Akabwerako boti amaliimika kuseri kwa nyumba, n'kulifunditsa tenti, miyezi n'kumapita. Tsiku la ulendo wotsatira akapotokola kiyi, injini ili zii.

Ine ndi mlamu wanga tinayamba ndi magetsi a maminibasi. Boti loyamba anatibweretsera bambo wina wachikulire amene mabatire ake atsopano ankangofa limodzi ndi limodzi, ndipo kulikonse kumene ankapita ankangomugulitsa lina. Zinandiwawa, chifukwa batire si la ndalama zochepa. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti pano sitigulitsa batire tisanayeze.

Kuyezako timayamba ndi batire lenilenilo. La 12 volt lodzaza bwino, likagona usiku wonse osalumikizidwa, pa multimeter, mita yoyezera magetsi, limawerenga pafupifupi 12.6. Likawerenga 12.2 ndiye kuti mphamvu yatsala theka. Kenako timayatsa injini, titailumikiza ku paipi ya madzi kuti isapse. Manambala ayenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Akapanda kusuntha, injini sikutchaja, ndipo pa injini zapanja, zomangirira kumbuyo kwa boti, timakayang'ana rectifier, imene imakonza magetsi kuti alowe m'batire, ndi stator, imene imawapanga, yomwe ili pansi pa gudumu la pamwamba pa injini lotchedwa flywheel. Pa injini zamkati timayamba ndi lamba wa alternator, chipangizo chotchaja batire, mwina wangokhwepa.

Ntchito imene ndimaikonda kwambiri ndi yosaka wakuba. Zonse zikazimitsidwa, timachotsa waya wa negative n'kuika mita pakati pa wayayo ndi batire. Ngati magetsi akuyendabe, pali china chikudya mwakachetechete. Mlamu amazula mafyuzi imodziimodzi, ine maso ali pa mita, mpaka manambala atagwa. Pa boti la bambo aja inali pampu yotulutsa madzi. Pampuyi nthawi zambiri imalumikizidwa molunjika ku batire, dala, kuti boti lisamire mwiniwake kulibe. Tenti yawo inali yong'ambika, mvula inkalowa, pampu n'kumadzuka yokha dzinja lonse. Batire likatha n'kukhala choncho milungu yambiri, mkati mwake mumamera timiyala touma totchedwa sulfate, ndipo ngakhale mulitchaje bwanji silibwereranso mwakale. Ndinawauza kuti, "Bambo, mabatire anu analibe mlandu, tiyeni tisoke tenti kaye."

Maboti akale ali ndi vuto linanso lobisika. Waya amaoneka bwinobwino kunja, koma ukamusenda umapeza mkuwa wada bii, pena wasanduka ufa wobiriwira wotsalira m'zala. Chinyezi chimakwawira pansi pa pulasitiki, magetsi n'kumatayikira m'njira asanafike ku sitata. Timaikamo waya wa m'maboti wokutidwa ndi tini. Ndi wodula, ndipo ena amadandaula mtengo, koma waya wa galimoto m'boti sakhalitsa.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho, chozula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikutchaja. Chonde musalole munthu kuchita zimenezi pa boti lanu. Ma diode, tizipangizo ta mu alternator kapena rectifier tolola magetsi kuyenda njira imodzi yokha, amatha kupsa nthawi yomweyo. Amapsanso mukasemphanitsa positive ndi negative, ngakhale kwa kamphindi.

M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, damu lopangira magetsi, magetsi ankazima maola ambiri ku Lusaka. Amene ankadalira tchaja ya pakhoma anapeza mabatire atafooka. Ndi nthawi imeneyo imene tinayamba kuika tisola ting'onoting'ono tokhala ndi controller yoteteza batire kuti lisatchajidwe mopitirira, komanso switchi yodula batire boti likaima. Zimenezi tsopano zikutipatsa gawo labwino la ndalama zathu.

Kutentha kwa mu Okutobala ku chigwa cha Zambezi kumaumitsa madzi m'mabatire otsegula pamwamba, choncho aliyense wopita kumeneko timamupatsa botolo la madzi a batire, osati a pampopi kapena a m'nyanja. Panopa tikuphunzitsa ntchito mwana wa mchemwali wanga, ndipo akaidziwa bwino tikufuna kuti akatsegule kashopu ku Siavonga, kuti munthu asamakoke boti makilomita pafupifupi 200 chifukwa cha waya mmodzi wowola.