Chidindo cha mtengo pa nsalu: mmene amachitira ku Bagru

Ku Bagru, tauni ya m'chigawo cha Rajasthan ku India, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Jaipur, anthu a fuko la Chhipa amadinda maluwa pa nsalu ya thonje ndi manja, chidindo chimodzichimodzi. Ambiri akaona nsalu yotere amaganiza kuti mmisiri amaviika chidindo mu utoto wofiira n'kudinda basi. Ayi ndithu. Kawirikawiri chimene chimapita pansalu si utoto, ndi mankhwala okonzekeretsa ulusi kuti udzagwire utoto nsaluyo ikadzalowa mumphika.

Zidindo amasema ku mtengo wouma bwino, wa sheesham kapena wa tiki. Akasema amaziviika m'mafuta a mpiru kwa masiku 10 mpaka 15 kuti zisamwe madzi, chifukwa chidindo chomwa madzi chimapindika kapena kung'aluka. Amaboolanso timabowo totulukira kumsana kuti mpweya uzithawirako, apo ayi mankhwala amachita thovu n'kusiya zigamba zoyera pakati pa duwa. Mtundu uliwonse uli ndi chidindo chake. Cha mizere ya m'mbali amachitcha rekh, chodzaza m'kati mwa duwa ndi datta, ndipo cha malo ozungulira duwa ndi gadh.

Ntchito imafera kapena kupulumukira pa kuchapa. Nsalu ya kufakitale imabwera ndi sitachi ndi mafuta osaoneka ndi maso, ndiye amaiviika usiku wonse, kuimenya pamwala ndi kuitsukuluza mpaka izimwa madzi msanga. Kuyesa kwake n'kosavuta: dontheza madzi pansalu youma. Akakhala ngati mkanda osalowa, chapanso. Wachangu amene walumpha apa amadzaona mawanga kumapeto, ndipo pamenepo palibenso chokonza.

Ikayera amaiviika m'madzi a harda, ufa wa chipatso chouma cha mtengo wina wa kumeneko. Magalamu 150 mpaka 200 amakwana pa kilogalamu imodzi ya nsalu youma. Imatuluka yachikasu chotuwa, ndipo amaiyanika pansi, padzuwa, yotambasula. Ukaiyanika pachingwe harda amatsikira m'munsi, mbali ina n'kudzagwira utoto kuposa inzake.

Mtundu wakuda wa ku Bagru, umene amautcha syahi, umachokera ku dzimbiri. Amaika zitsulo zakale, makamaka za kumapazi a hatchi, mumtsuko wa madzi pamodzi ndi shuga wa nzimbe wosayenga, n'kuvundikira kwa milungu iwiri kapena kuposerapo kukazizira. Fungo lake si la masewera. Madziwo akasasa amawasefa n'kuwaphika ndi ufa wa nthanga za bwemba, bwemba yemweyu timamudziwa, kuti alimbe ngati phala la mwana. Pachidindo amaoneka otuwa, koma akangokhudza nsalu ya harda amada pomwepo ukuona. Wofiira, wotchedwa begar, ndi alamu, mankhwala ooneka ngati mchere, wosakaniza ndi utomoni wa mtengo. Alamu alibe mtundu, ndiye amathiramo kautoto kotha kuchoka pochapa kuti mmisiri aziona pamene wadinda kale.

Kulimba kwa phalali kumafuna diso. Likakhala lamadzimadzi limayenderera mu ulusi, mizere n'kunenepa, duwa n'kukhala ngati lagwera mvula. Likalimba kwambiri limatseka mipata ya chidindo ndipo limangokhala pamwamba pa nsalu osalowa. Mbale imene amaviikamo si yopanda kanthu ayi: pansi pali kaukonde ka nsungwi, pamwamba pake chiguduli, kenako nsalu zopyapyala. Chidindo chimangogunda pansalu yapamwambayo n'kutenga zokwanira. Duwa la mizere yopyapyala limafuna nsalu yapamwamba yosalala, la zigamba zikuluzikulu limafuna yokhakhala.

Tebulo lake ndi lalitali, loyalidwa ziguduli zosanjikiza zoposa 20, pamwamba nsalu yoyera. Mphasa yofewayi ndi imene imalola kuti duwa lonse ligwire mofanana. Nsalu yodindayo amaikoka n'kuibaya ndi mapini kuti pasakhale khwinya. Mmisiri amayambira kumanzere kupita kumanja. Amaika chidindo, amachimenya pachigwiriro ndi m'mbali mwa chibakera kamodzi kapena kawiri, n'kuchinyamula molunjika m'mwamba. Ukachikweza mopendeka chimapaka. Pangodya ya chidindo pamakhala kansonga kamene kamasiya kadontho, ndipo kadonthoko ndi kamene kamamuuza poika chidindo chotsatira. Alibe rula, ali ndi kadontho ndi diso lake. Duwa la mitundu inayi ndiye kuti nsalu yonseyo aidutsa kanayi.

Akadinda amaisiya masiku angapo kuti alamu ndi chitsulo zikhazikike, kenako amaichapa m'madzi ambiri, yotambasula, kuti utomoni uchoke. Madzi akachepa, alamu wochoka paduwa amakakhala pamalo oyera, ndipo mumphika nsalu yonse imadzafiira mwauve. Kuphika kumachitika mumphika waukulu wa kopa, mu utoto wofiira wotchedwa alizarin ndi maluwa ouma a chitsamba cha dhawdi. Kale utotowu unkachokera ku mizu ya zomera, koma akatswiri a ku Germany ataupanga m'labotale mu 1868, wa kufakitale unalanda msika. Moto amaukoleza pang'onopang'ono kwa maola angapo, nsalu akuitembenuza osaleka. Pamene panali alamu pamafiira, pa chitsulo pamada kwambiri. Mphika wachitsulo sufunika, dzimbiri lake limadetsa wofiira kukhala wakhofi.

Palinso dabu, njira yotchinga ndi matope. Amasakaniza dongo lakuda, njereza, utomoni ndi ufa wa tirigu wofumbwa, amasefa pansalu, amadinda, n'kuwaza utuchi pamwamba matope asanaume kuti asamatirire pena. Ikauma amaimiza m'dzenje la utoto wa indigo lozama mamita atatu kapena kuposa. Imatuluka yobiriwira, n'kusanduka buluu ikamenyedwa ndi mphepo. Pamene panali matope pamatsala poyera, ndi timitsempha tabuluu pamene dongo linang'aluka. Nyengo ya mvula ntchitoyi imatsala pang'ono kuima, poti matope sauma.

Ku Sanganer, kufupi ndi Jaipur komweko, amakonda timaluwa tating'ono pansalu yoyera. Ku Kutch, m'chigawo cha Gujarat, mabanja a Khatri amadinda nsalu yotchedwa ajrakh, ndipo ambiri anachoka ku Dhamadka n'kukamanga mudzi wa Ajrakhpur chitachitika chivomezi cha 2001.

Pamsika pali nsalu zambiri za makina zotengera maluwa omwewa, ndipo ogulitsa ena sanena. Tambasulani mita imodzi n'kuyang'ana polumikizira maluwa. Ya manja imakhala ndi malo amene chidindo chinakwera pang'ono pa chinzake, timadontho ta pangodya timapezeka, ndipo duwa lina limada kuposa loyandikana nalo. Cholakwika chikamabwerera pamalo ofanana ndendende nsalu yonse, imeneyo yadutsa m'makina.