Amayi Anga, Mphunzitsi wa Sitandade 1

Amayi anga anamwalira ali ndi zaka zopitirira 90, ndipo tinawaika m'manda a kwathu kufupi ndi Lizulu, kumalire a Ntcheu ndi Dedza. Pamaliro anthu ambiri anawayamikira pa zinthu ziwiri, kuti anali mkhristu wokhulupirika ndiponso kuti anali mphunzitsi wakhama, ngati kuti zimenezi zinali zosiyana. Ine amene ndinakulira m'manja mwawo ndikudziwa kuti kwa iwo inali ntchito imodzi.

Anabadwa m'zaka za m'ma 1930, pamene sukulu ndi tchalitchi zinali pansi pa denga limodzi. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, amene anayambira ku Mvera mu 1889, anatsegula mishoni ya Mlanda mu 1902, ndipo m'midzi yozungulira munali tisukulu tofolera ndi udzu momwe mphunzitsi yemweyo ndiye ankatsogolera mapemphero Lamulungu. Mwana ankaphunzira zilembo kuti adzathe kudzitsegulira yekha Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922. Amayi analowa Sub A, kalasi yoyamba pa nthawiyo, ali kamtsikana kosinkhukirapo, ndipo anapirira mpaka Sitandade 6 pa nthawi imene anzawo ambiri ankalekeza akangotha msinkhu. Zaka zawo ankazikumbukira ndi zochitika, motero ankati anapita kukaphunzira zauphunzitsi atsamunda atangochotsa pampando Inkosi Gomani II mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Moyo wawo wonse wauphunzitsi anauthera m'kalasi yoyamba, imene pano timaitcha Sitandade 1. Akuluakulu anayesapo kuwapatsa makalasi apamwamba, kumene kuli ulemu wa mayeso ndi mayina a ana osankhidwa kupita ku sekondale, koma iwo ankakana mwaulemu, amvekere, "M'mera mpoyamba." Ndinakhalamo m'kalasi mwawo, ndipo sindiiwala mmene ankachitira. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwa kumapiri kuno kumaumitsa zala, ankatitulutsa kuti tiwothere dzuwa, aliyense n'kusalaza dothi ndi chikhatho patsogolo pake. Ankayamba ndi a, e, i, o, u, kenako ba, be, bi, bo, bu, ndipo akaona mwana amene chala chake chikukana, ankagwada pambali pake, kumugwira dzanja n'kumayenda nalo pang'onopang'ono mpaka chilembo chitaoneka, kenako ankafafaniza kuti alembe yekha. Sileti ndi choko zinkabwera pambuyo pake. Masamu tinkawerengera timitengo tomanga khumikhumi ndi luzi. M'dengu mwawo simunkasowa mbatata yakachewere yophika, ndipo mwana amene ankasinza m'mawa sankamukalipira asanamufunse ngati wadya. Anali okhwima pa mwambo, ndipo wochedwa popanda chifukwa ankasesa bwalo, koma sanatchulepo mwana aliyense kuti ndi mbuli.

Chimene chinawazamitsa pa nkhani ya kuwerenga ndi makalata. Amuna ambiri a ku Ntcheu ndi Dedza anali ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, ena ku Salisbury (lero Harare), ndipo akazi awo ankalandira makalata amene sankatha kuwerenga. Madzulo ankabwera kwathu kalata ataimanga pansonga ya chitenje. Ife ana ankatithamangitsira kukhitchini, amayi n'kuyandikiza nyali ya galasi ndi kuwerenga motsitsa mawu. Makalata ena ankanena za ndalama zimene zatumizidwa, koma ena ankabweretsa uthenga wa ngozi mumgodi, kapena woti mwamuna wakwatira komweko ndipo wasanduka mtchona. Zikatero amayi sankamulola mlendoyo kutuluka asanapemphere naye, ndipo mawa lake ankamuthandiza kulemba yankho. Palibe tsiku limene tinawamva akubwereza nkhani ya m'kalata ya munthu, ngakhale kwa abambo athu. Komabe zinkawapweteka kuti chinsinsi cha banja la mayi wamkulu chizidutsa m'maso mwa munthu wina, ndipo anayamba kutsalira ndi amayi anzawo misonkhano ya Chigwirizano, bungwe la amayi a mumpingo, ikatha kuti awaphunzitse zilembo. Boma litaimitsa ulendo wa ku Wenela mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown, makalata anachepa, koma kalasi ya amayi ija inapitirira. Ndinaonapo mayi wa imvi akulemba dzina lake koyamba m'malo modinda chala, atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, anzake akululutira.

Pa za chikhulupiriro chawo, anthu akunja ankaona yunifolomu ya Chigwirizano, kuchezera pamaliro ndi kuyendera odwala. Ife tinkaona zina. Ankadzuka tambala woyamba, ndipo pemphero lawo linkamveka kuseri kwa chipupa akutchula ana awo mmodzimmodzi, kenako ana a m'kalasi amene ankawadetsa nkhawa, aliyense ndi dzina lake. Malipiro akabwera, gawo la Mulungu ankalipatula asanagule ngakhale mchere. Madzi ndi nkhuni za Lamulungu tinkakonzeratu Loweruka. Pa ubwana malamulo amenewa ankatilemera, koma chimene chinkawapatsa mphamvu n'chakuti iwo eni ankayamba kuwasunga.

Kuyambira mu 1986, nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula, anthu a ku Angonia anayamba kukhamukira kwathu. Pa Lizulu msewu waukulu wa M1 ndiwo malire, moti munthu amangowoloka tala n'kukhala kuti ali m'dziko lina, ndipo othawawo anali anthu olankhula chinenero chathu, ena a iwo abale athu enieni. M'Malawi monse chiwerengero chawo chinafika pa 1 miliyoni. Ana awo ankafika pasukulu opanda chilichonse, ena akudzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Amayi sanawakhazike padera, koma ankasakaniza mwana wothawa nkhondo ndi mwana wa m'mudzi pa sileti limodzi. Banja lina analipatsa malo m'munda mwathu, ndipo linakhala nafe mpaka mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992.

Anali atapuma kale pantchito pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994. Ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linaitananso aphunzitsi opuma ndi kulemba achinyamata zikwizikwi amene anali asanaphunzire ntchitoyi. Amayi anabwerera mosanyinyirika, popeza kwa zaka zambiri ankaona ana anzeru akubwezedwa pakhomo chifukwa cha ndalama zochepa chabe. Anapatsidwa kalasi ya pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa kuthunthu. Anakondwa kuona ana a amphawi atadzaza bwalo, komabe ankabwera kunyumba ali khuma, chifukwa m'khamu lotero sankathanso kugwira dzanja la mwana aliyense. Ine ndimagwirizana nawo mpaka lero, kuti kutsegula chitseko cha sukulu kunali koyenera, koma kalasi yoyamba ndiyo inafunika aphunzitsi odziwa kwambiri, ndipo kawirikawiri ndiyo inkapatsidwa ongoyamba kumene. Achinyamata amenewo ankabwera pakhonde pathu madzulo ndi makope awo, ndipo amayi ankawaonetsa kakonzedwe ka phunziro mosawachititsa manyazi.

Zaka zomwezo ndi zimene zinawayesa koposa. Abambo anatisiya, kenako achimwene anga ndi achemwali anga anatsatira pa nthawi imene matenda a Edzi ankapulula mabanja ndipo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike m'zipatala zathu. Amayi analira kwambiri, ndipo sanabise misozi pofuna kuoneka olimba. Anthu ena ankanong'ona za ufiti, koma iwo anakana kupita kwa asing'anga ndipo anakananso kuloza munthu chala. Anatenga zidzukulu zonse n'kuyambanso kulera ali ndi imvi, ndi kapenshoni kochepa pamodzi ndi dimba la kabichi, ndipo palibe mdzukulu amene analekeza sukulu.

Ukalamba unawabweretsera ng'ala m'maso onse awiri. Kwa munthu amene tsiku lake linkayamba ndi kuwerenga, umenewu unali mtolo wolemera, ndipo ankadalira adzukulu kuti awawerengere Masalimo, akumawakonza akalumpha mawu, popeza ambiri ankawadziwa pamtima. Atachitidwa opaleshoni ku chipatala cha Nkhoma anayambanso kuona, ndipo anaitanitsanso amayi a kalasi ija kuti azikumana pakhonde pawo, chifukwa miyendo inali itayamba kukana kufika kutchalitchi. Anaphunzitsa chikhalire pampando mpaka miyezi yochepa asanamwalire.

Titamaliza mwambo wa maliro, atsogoleri a Chigwirizano anabwera kudzatifunsa za bolodi, masileti ndi mabuku amene anatsala m'nyumba. Tinagwirizana monga banja kuti zonsezo zipite kutchalitchi, ndipo alamu anga, amenenso ndi mphunzitsi, avomera kutenga kalasiyo anthu akamaliza kukolola.