Zomba, Mzinda Wotsamira Phiri

Nthawi zonse ndikatsika minibasi pa depoti ya Zomba, maso anga amathamangira chakumpoto, kumene phiri laima ngati khoma, nsonga yake ya Malumbe itapitirira mamita 2,000. Phirili ndilo linakopa atsamunda kuti akhazikike pano, popeza ankafuna mphepo yozizira komanso madzi a mtsinje wa Mulunguzi, umene umatsika kuchokera pamwamba n'kudutsa m'tauni. Chakum'mawa dziko limatsetsereka mpaka ku Nyanja ya Chilwa, ndipo kunja kukayera, phiri la Mulanje limaoneka chapatali.

Wofuna kuumvetsa mzindawu ayende wapansi kuchokera kumsika n'kumakwera mtunda, chifukwa kale malo okhala ankatsatira udindo: amalonda ndi antchito anali kumunsi, pamene mabwana aboma anamanga kumtunda, pakati pa mitengo ikuluikulu. Kumeneko n'kumene kuli nyumba imene imandiimitsa nthawi zonse, imene mlimi wa ku Scotland, John Buchanan, anamanga mu 1886 kuti muzikhala nthumwi ya boma la Britain, ndipo pambuyo pake munakhala Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda m'dziko lino. Lero ndi Hotel Masongola, ndipo ukaona nsanja zake ziwiri za madenga osongoka, sufunsanso kuti dzinali linachokera kuti. Makoma ake ndi a njerwa zochindikala, moti ngakhale mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, m'kati mwake mumakhala mozizira. Ndimaona kuti amisiri a nthawi imeneyo ankaidziwa nyengo ya kuno kuposa ambiri a ife amene tikumanga timakonde topapatiza masiku ano.

Likulu la dziko linachoka ku Zomba n'kusamukira ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu anapitirizabe kukumana ku Zomba mpaka 1994, ndipo nyumba yakale ya malamulo ikadalipo. Pamsewu wopita ku Blantyre palinso nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi, yokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu lankhondo la m'nthawi ya atsamunda.

Chimene chimandiwawa ndi nyumba zing'onozing'ono zopanda mbiri yotchuka. Ulendo wapitawu ndinaima pa ina imene ndinkaisirira ndili mwana, ndipo ndinapeza malata atachita dzimbiri, chiswe chitadya nsanamira za khonde, mawindo atatsekedwa ndi makatoni. Mayi wina amene ankaanika chinangwa pabwalo anandiuza kuti mvula ikagwa, amatchera mabeseni m'zipinda zonse zitatu.