Ulendo wa ku Blantyre ndi chikwama cha mapepala a anzanga

Ndinanyamuka ku Lilongwe kunja kusanayere bwino, nditakumbatira chikwama chodzaza ndi mapepala. Chaka chino anzanga a m'bungwe lathu la aphunzitsi ndi ofufuza a m'sukulu zaukachenjede anandisankha kukhala wapampando wa nthambi yofufuza momwe nkhani za ndale zimafalikira pakati pa atsogoleri, atolankhani ndi anthu wamba, ndipo komiti inagwirizana zokakumana ku Blantyre pokonzekera msonkhano wapachaka.

Titadutsa Ntcheu, dalaivala anatsegula wailesi pa pulogalamu ija anthu amaimba foni. Bambo amene ndinakhala nawo mpando umodzi anayamba kuyankha woulutsa mawu ngati akuonana naye maso ndi maso, ndipo mayi wina kumbuyo anawadula pakamwa nakweza foni yake kuti tonse timve uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umene anati wachokera kwa alamu ake. Mkanganowo unazirala pa Zalewa, ogulitsa malonda ataunjirira m'mawindo. Ine ndinangoti chete, maganizo ali pa chikwama changa, poti mwa mapepala onse amene ofufuza anatitumizira munalibe ngakhale limodzi lokhudza zimene ndinkamvazo. Ambiri anasanthula mitu ya nkhani m'nyuzipepala zachingerezi ndi zolembedwa pa Facebook, popeza zimenezo n'zosavuta kuzitolera munthu ali pampando.

Kwa munthu wa ntchito yathu, Blantyre ndi nkhokwe. Ku Ginnery Corner kuli maofesi a Nation ndi a Times, chapafupi pomwepo pali MUBAS, imene ambiri tikuitchulabe kuti Poly, ndipo ukakwera kulowera ku Chichiri umapeza MBC. Madzulo ndinayenda wapansi mpaka ku COMESA Hall, kumene zotsatira za chisankho cha pa 21 May 2019 zinkalengezedwa. Panali zii, mlonda yekha akusesa masamba. Koma nkhani ya tipeksi inabuka zotsatira zikulengezedwa pamalo amenewa, n'kukathera kukhoti ku Lilongwe, kumene pa 3 February 2020 oweruza asanu anathetsa chisankho cha pulezidenti, mtundu wonse uli tcheru pa wailesi. Chisankho chatsopano chinachitika pa 23 June chaka chomwecho.

Tsiku lotsatira tinakumana pa malo ena ogona alendo, ndipo magetsi anathima tisanamalize pemphero lotsegulira, motero pulojekita imene tinabwereka inangokhala chokongoletsa tebulo. Ntchito ya wapampando ilibe ulemerero umene ena amauganizira. Tinayamba ndi kuwerenga mayina a mamembala amene sanapereke ndalama za umembala, ndipo ena mwa iwo anali pomwepo, maso ali pansi. Kenaka tinalowa pa kuwunika mapepala. Lamulo ndi lakuti wowunika asadziwe mwini pepala, koma dokotala wina anaseka nati: "A wapampando, dziko lathu ndi laling'ono, ndikawerenga ndime ziwiri ndimadziwa kuti awa ndi auje, ndipo ndimadziwanso chipani chawo." Mpaka mtundu wa zikwatu zoikamo mapepala a alendo unatitengera theka la ola. Wabuluu ndi wa DPP, wachikasu ndi wa UDF, walalanje ndi wa PP, ndipo wofiira kapena wobiriwira anthu akanaumasulira mwawomwawo. Tinasankha woyera.

Anzathu akunja ali ndi nthambi ngati yathuyi m'mabungwe a International Communication Association ndi American Political Science Association, ndipo nthambi ziwirizo zimayendetsera limodzi magazini ya kafukufuku yotchedwa Political Communication. Achinyamata athu amalakalaka kusindikiza kumeneko, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa kukwezedwa pantchito kumadalira zimenezo, ngakhale kuti umembala ndi maulendo zimafuna madola amene masiku ano ndi osowa. Chondidandaulitsa ndi chakuti polondola zimene akunja amayeza, tikusiya ndale zathu zenizeni, zimene zimayenda pakamwa, m'nyimbo za pamisonkhano, pa nsalu za chipani ndiponso pamaliro.

Pamenepo ndinafotokoza za mkangano wa m'basi uja, ndi kupempha kuti nthambi yathu iyambe kujambula ndi kusunga mapulogalamu a pawailesi a m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao nyengo ya kampeni. Msungichuma anafunsa za ndalama zolipira olemba mawuwo papepala, wina anafunsa ngati n'koyenera kusunga mawu a munthu amene anaimba foni osadziwa kuti adzafufuzidwa, ndipo mafunso onsewo anali oona. Pulofesa wina wachikulire, amene anakhala duu m'mawa wonse, ndiye anatikumbutsa za kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, nthawi imene wailesi m'dziko muno inali MBC yokha. Anati kalatayo ilipo mpaka lero, koma zimene anthu ankanong'onezana potuluka m'tchalitchi, zimene zinafikitsa dziko pa riferendamu ya pa 14 June 1993, zikupita kumanda limodzi ndi eni ake. Tinagwirizana zopatula chigawo chimodzi cha msonkhano kuti chikhale cha kafukufuku wa zolankhulidwa m'zinenero zathu, ndipo ntchito yolemba kalata yoitanira mapepala anaisenzetsa ine.

M'mawa mwake ndinadzera ku Mandala House, nyumba ya 1882 imene m'mwamba mwake muli laibulale ya Society of Malawi, kukaona momwe amasungira zakale. Masana ndinakwera basi pa Wenela, ndipo ulendo uno ndinapempha mpando wakutsogolo, kabuku kali pamwendo.