Modemu si yakufa ayi, Linux ikuiona ngati CD

Anzanga, modemu ya Huawei yomwe imati iponyedwe kudzala lero m'mawa kuno ku Luchenza ikulumikiza bwinobwino pa Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux. Musamafulumire kugula ina.

Ma dongle (mamodemu a USB ngati imeneyi) ambiri mukawalowetsa amayamba kudzionetsa ngati CD ya madalaiva a Windows. Tsegulani terminal (polembera malamulo), lembani lsusb kuti muone zipangizo za USB zomwe zalumikizidwa. Mukaona 12d1:1446, ndiye kuti sinasinthe kukhala modemu. Lembani sudo usb_modeswitch -v 12d1 -p 1446 -J, dikirani pang'ono, mubwerezenso lsusb. Nambala yachiwiriyo isintha, ndipo m'kompyutamo modemuyo ioneka ngati /dev/ttyUSB0. Ngati pulogalamu ya usb-modeswitch mulibe m'kompyutamo, bwerekani intaneti ya foni kudzera pa chingwe kuti muikemo. Kenako pitani pa Mobile Broadband m'masetingi a netiweki, pamalo olembedwa APN mulembe mawu akuti internet. PIN ya SIM muyambe mwaichotsera pa foni, imavutitsa anthu zedi imeneyi.

Ikamangoduka, musathamangire kunena netiweki ya m'mapiri athu ano. Kawirikawiri ndi moto: doko la USB 2.0 limapereka 500mA basi, ndiye chingwe chachitali chotchipa chija mumakolekera pawindo chimaufooketsa. Gwiritsani chachifupi, chokhuthala, cholowa pakompyuta penipeni osati pa hub (kachipangizo kochulukitsa madoko a USB).